Kulima Brussels Sprouts Pakhomo: Nthawi Yofesa ndi Kasamalidwe Kake

Kabuku aka talembera mabanja amene ali ndi kadimba pakhomo kapena kudambo, amene anazolowera kale kulima kabichi, repu kapena tchainisi, ndipo akufuna kuyesako mbewu ina ya banja lomwelo yotchedwa Brussels sprouts. Kwathu kuno ndi mbewu yachilendo. Ambiri anangoiona m'masitolo akuluakulu a m'tauni itaikidwa m'timapaketi, ena anaidyapo ali ku Britain kapena ku South Africa.

Chomera chake chimatalika masentimita 60 mpaka mita yathunthu, nthawi zina kupitirira. Sichimanga mutu umodzi monga achitira kabichi. M'khwapa mwa tsamba lililonse, pamene phesi la tsamba lakumana ndi thunthu, mumatuluka kamutu kolimba kofanana ndi kabichi, kukula kwake ngati dzira la nkhunda. Timitu timeneti timandandalika kuzungulira thunthu lonse kuchokera pansi mpaka kunsonga, ndipo ndi timeneti timadyedwa. M'kabuku muno tizingotitchula kuti tikabichi. Chomera chimodzi chosamalidwa bwino chimapereka theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi.

Mbewu yokonda kuzizira

Dzina lake linachokera ku mzinda wa Brussels m'dziko la Belgium, kumene alimi a m'madera ozungulira mzindawo ankailima kale m'zaka za m'ma 1500. Lero imalimidwa kwambiri ku Netherlands, ku Britain ndi ku Belgium komweko, ndipo ku Britain mabanja ambiri sadya chakudya cha Khirisimasi popanda ndiwo imeneyi. Onsewa ndi maiko ozizira, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse ya kalimidwe kake.

Tikabichi timamanga bwino nyengo ikakhala ya madigiri 15 mpaka 18. Kukatentha kupitirira madigiri 24 kapena 25 masiku ambiri otsatizana, timitu tija sitilimba. Timayadzamuka, timasamba take n'kutambasuka, ndipo timawawa mukaphika. Kuzizira sikuvuta konse. Chisanu chimene chimawaula tomato ndi nyemba m'madambo mu Juni ndi Julayi, chomera ichi chimapirira, ndipo tikabichi todutsa m'chisanu timatsekemerako chifukwa chomeracho chimachulukitsa shuga m'kati mwake kukazizira.

Chinanso n'chakuti mbewuyi ndi yochedwa. Repu mumayamba kuthyola pasanathe miyezi iwiri. Iyi imafuna milungu 4 mpaka 6 panazale, kenaka masiku 90 mpaka 120 m'munda ngati uli mtundu wocha msanga. Mitundu yochedwa imatenga mpaka masiku 180. Kuphatikiza zonse, ndi miyezi inayi, isanu kapena kuposa. Nyengo yathu yozizira ndi yaifupi, Meyi mpaka Ogasiti basi. Choncho mlimi ayenera kutchera bwino kuti miyezi imene tikabichi tikumanga igwere m'kati mwenimweni mwa kuzizirako.

Kodi kwanuko ingachite?

Tinene mosabisa kuti si kulikonse. Ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Karonga m'mphepete mwa nyanja, musataye ndalama ndi mphamvu zanu. Ngakhale mu Juni masana kumafunda kwambiri, ndipo mudzangokolola masamba. Malo amenewo bzalanipo repu, mpiru, kamuganje kapena bonongwe, banja lidye bwino.

Madera okwera ndiwo ali ndi mwayi. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo madera monga Bembeke ku Dedza komweko, Lizulu ndi Tsangano ku Ntcheu, kumene mbatatesi ndi kabichi zimachita bwino, ndiwo oyamba kuyesa. Chimodzimodzi tsidya la malire ku Angonia m'dziko la Mozambique, pamwamba pa phiri la Zomba, m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, ku Viphya, ku Mzuzu, ku Livingstonia ndi ku Misuku. Ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chimathandiza kuziziritsa masana.

Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene mtunda wake ndi wopitirira pang'ono mamita 1,000, zimatheka koma movutikira. Kumeneko sankhani mtundu wocha msanga, fesani pa nthawi yake osaphonya, ndipo vomerezani kuti tikabichi ta kunsonga mwina sitidzalimba chifukwa kutentha kwa Seputembala kudzatipeza tisanakhwime.

Werengani chobwerera m'mbuyo

Alimi ambiri a kudimba amadikira kuti mvula ithe, akolole chimanga, ndiye n'kufesa kabichi mu Epulo kapena Meyi. Kwa kabichi zimenezo zili bwino. Kwa Brussels sprouts nthawi imeneyo yapita kale. Mukafesa pakati pa Meyi, mudzawokera kumapeto kwa Juni, ndipo tikabichi tidzayamba kumanga kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, pamene dzuwa likuswa mtengo. Chomeracho chidzakula mosangalatsa m'miyezi yozizira, masamba ake obiriwira bwino, inu n'kumati zayenda, koma pofika nthawi yobereka chidzakupatsani timitu toyadzamuka todzaza nsabwe.

Ndiye yambirani kumapeto n'kuwerenga chobwerera. Mukufuna kuthyola mu Julayi ndi Ogasiti. Bwererani m'mbuyo miyezi itatu kapena inayi, mupeza kuti mbande ziyenera kuwokeredwa kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Epulo. Bwereraninso milungu isanu, mupeza tsiku lofesa: kuyambira pa 20 Febuluwale mpaka pa 15 Malichi. Okhala pamalo ozizira kwambiri monga Dedza ndi Tsangano angathe kufesanso kachiwiri kumapeto kwa Malichi kuti zokolola zisabwere nthawi imodzi. Okhala ku Lilongwe ndi ku Blantyre asapitirire sabata yoyamba ya Malichi.

Tikudziwa kuti imeneyi ndi nthawi yovuta. Mvula imakhala ikugwa, ntchito ya kumunda ili pakati, ndipo m'makomo ambiri ndalama zimakhala zitatha. N'chifukwa chake ndi bwino kugula mbewu mu Januwale kapena ngakhale chaka chisanathe, n'kuisunga m'botolo lotseka bwino pamalo ouma. Ikasungidwa chotero imatha kumera ngakhale patapita zaka zitatu kapena zinayi.

Kwa abale okhala kunja

Amene muli ku South Africa, makamaka ku Johannesburg ndi madera ena okwera a ku Gauteng, nyengo zanu zimayenda mofanana ndi za kwathu koma chisanu chake n'choopsa, ndipo chimayamba msanga. Fesani mu Januwale kapena Febuluwale kuti chomera chikhale chitakula chisanu chisanafike. Ku Zimbabwe, madera okwera a kum'mawa monga Nyanga ndiwo oyenera kwambiri.

Ku Britain kalendala imatembenuka. Fesani mu Malichi kapena Epulo, wokerani pakati pa Meyi mpaka Juni, ndipo mudzathyola kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale malinga ndi mtundu wake. Kumeneko adani aakulu ndi njiwa, zimene zimadya masamba mpaka kusiya mitsempha yokha, agulugufe oyera amene amaikira mazira pansi pa masamba, ndi nkhono zimene zimamaliza mbande usiku umodzi. Phimbani ndi neti ya mabowo aang'ono tsiku lomwelo mwawokera, ndipo netiyo isakhudze masamba.

Mbewu yogula

Gulani mbewu ya m'paketi yomata bwino kusitolo yodalirika ya zipangizo zaulimi, ndipo werengani chinthu chimodzi makamaka: masiku amene mtunduwo umatenga kuti uche. Sankhani wa masiku ochepa. Long Island Improved ndi mtundu wakale wofupikirapo umene umapezeka m'masitolo ambiri a mbewu kum'mwera kwa Africa. Jade Cross ndi wa haibulidi, wocha msanga, ndipo umapirirako kukafunda. Ku Britain kuli mitundu yambiri, ndipo Crispus amadziwika kuti sagwidwa msanga ndi matenda otupitsa mizu.

Mwina munamvapo kuti ndiwo imeneyi ndi yowawa. Kale zinali zoona. M'zaka za m'ma 1990 wasayansi wa ku Netherlands, Hans van Doorn, anapeza zinthu za m'kati mwake zimene zimachititsa kuwawako, ndipo makampani a mbewu anayamba kupanga mitundu yosawawa kwambiri. Ma haibulidi ambiri a masiku ano anachokera ku ntchito imeneyo.

Musawerengere zosunga mbewu yanu. Chomerachi chimachita maluwa m'chaka chachiwiri chikadutsa m'kuzizira kwa nthawi yaitali, ndipo mbewu ya haibulidi, imene paketi yake imalembedwa F1, sibereka ana ofanana ndi kholo. Galamu imodzi imakhala ndi njere zopitirira 200, choncho kapaketi kamodzi n'kokwanira. Njere zikakhala zopakidwa utoto, ndiye kuti zili ndi mankhwala: ikani kutali ndi ana ndipo sambani m'manja mukatha kufesa.

Nazale ya m'nyengo ya mvula

Poti mukufesa mvula ili m'kati, nazale ndiyo ifuna maso anu kwambiri. Mvula yamphamvu imakokolola njere, imagwetsa mbande, ndipo chinyezi chikachuluka mbande zimavunda patsinde n'kugwa zonse m'masiku awiri okha.

Sankhani malo okwera, osadikha madzi, pomwe simunabzalepo kabichi, repu kapena mpiru posachedwa. Kwezani bedi masentimita 15 mpaka 20, m'lifupi mita imodzi. Sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino, osefa, ndipo phwanyani zibuma zonse. Lembani timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuya kwake sentimita imodzi, ndipo gwetsani njere motalikirana, imodziimodzi. Kwirirani pang'ono, thirirani ndi keni ya mabowo aang'ono, kenaka yalani udzu wouma wopanda njere pamwamba.

Njere zimamera pakati pa masiku 5 ndi 10. Yang'anani m'mawa uliwonse, ndipo mukangoona timasamba tiwiri toyamba, chotsani udzu uja tsiku lomwelo. Mukachedwa, mbande zimatalika mofooka, zoyera, ndipo sizidzalimbanso. M'malo mwa udzuwo mangani kadenga ka udzu wopyapyala pa mphanda zotalika pafupifupi mita, kotsetsereka, koti kaziphwanya mphamvu ya mvula koma kuwala n'kumalowa. Patulirani kuti mbande zitalikirane masentimita 5. Thirirani m'mawa, ndipo tsiku limene kwagwa mvula musathirire.

Kwa banja lofuna mbande khumi ndi ziwiri zokha, njira yosavuta ndi kufesa m'timachubu kapena m'makapu akale obowola pansi, njere ziwiri m'kapu iliyonse, n'kuika pakhonde pofika dzuwa la m'mawa. Zikamera, dulani yofooka n'kusiya imodzi. Njira imeneyi ndi imene tikulimbikitsa, chifukwa mvula ikachuluka mumangosuntha makapuwo, ndipo powokera mizu sisokonezeka.

Kutatsala sabata imodzi kuti muwokere, chepetsani madzi ndipo phwasulani denga lija pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere dzuwa.

Kukonza malo

Chomera ichi chimadya kwambiri ndipo chikhala pamalopo miyezi inayi kapena isanu. Chipatseni malo ofika dzuwa maola 6 kapena kuposa, otetezeka ku mphepo, ndiponso pafupi ndi madzi, chifukwa miyezi yonse yobereka ndi ya chilimwe. Malo amene munachotsapo nyemba, soya kapena mtedza ndi abwino. Pamene panali kabichi, repu, tchainisi kapena mpiru dikirani zaka zitatu kapena zinayi, pakuti zonsezi zimagwidwa ndi matenda amodzi.

Limani mozama, thirani ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola kapena kompositi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo chitani zimenezi milungu itatu kapena inayi musanawokere kuti dothi likhazikike. Apa pali kusiyana ndi mbewu zina za masamba. Brussels sprouts amafuna dothi lolimba, logwirana. Akabzalidwa m'dothi lotakasuka kumene, mphepo imagwedeza thunthu lalitali lija, timizu tating'ono n'kumaduka, ndipo chotsatira chake ndi tikabichi toyadzamuka. Ngati mwalima mochedwa, pondanipondani bedi lonse ndi mapazi musanakumbe mapando.

Dothi lowawasa kwambiri silimuyanja. Amafuna pH ya 6.5 mpaka 7.5. Madera ambiri okwera a mvula yambiri, amene ndi omwewo oyenera mbewuyi, dothi lake limakhala lowawasa. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za kuyeza dothi ndi mlingo wa laimu. Phulusa la nkhuni, manja awiri kapena atatu pa mita imodzi, limathandizako ndipo limawonjezera potashi.

Kuwokera

Mbande yoyenera ndi ya masentimita 10 mpaka 15, ya masamba enieni 4 mpaka 6, yonenepa patsinde. Yang'anani pakati pa mbande iliyonse. Ngati palibe kansonga kophukira masamba atsopano, itayeni chifukwa sidzakula. Tayaninso za mizu yotupa ndi za tsinde lakuda.

Talikitsani mapando masentimita 60 mbali zonse. Bedi la mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 3.6 m'litali limakwana mbande 12 m'mizere iwiri, ndipo zimenezi n'zokwanira banja chaka choyamba. Pa tsiku lowokera malowo amaoneka ngati mwawononga, koma musathinitse. Pakatha miyezi iwiri masamba adzakhala atakumana. Ngati mpatawo ukukupwetekani mtima, bzalanimo letesi kapena anyezi wa masamba, zimene mudzazula msanga.

M'phando lililonse sakanizani dothi ndi feteleza wokulitsa, monga D kompaundi kapena NPK, zitsekerero ziwiri za botolo la zakumwa, kuti asakhudze mizu mwachindunji. Thirirani nazale kutatsala ola limodzi, zulani mbande ndi dothi lake, ndipo wokerani madzulo kapena tsiku la mitambo. Lowetsani mbande mozama mpaka masamba a pansi atatsala pang'ono kukhudza dothi, kenaka tsindirani mwamphamvu ndi zibakera. Kuti mudziwe ngati mwatsindira mokwanira, gwirani nsonga ya tsamba limodzi ndi zala ziwiri n'kukoka. Ngati tsambalo lang'ambika mbande ili chikhalire, mwachita bwino. Ngati mbande yazuka, bzalaninso. Thirirani mokwanira nthawi yomweyo.

M'masiku oyamba mbozi za m'dothi zimadula mbande patsinde usiku. Dulani botolo lapulasitiki kuti likhale mphete yotalika masentimita 8, muzike mozungulira mbandeyo theka lili pansi. Mukapeza mbande yadulidwa, fukulani pafupi ndi tsinde, mbozi yotuwa yodzipinda mudzaipeza pomwepo. Sungani mbande zingapo panazale zopakizira.

Miyezi yodikira

Madzi asamadukizeduke. Mvula ikasiya, chomera chilichonse chachikulu chimafuna malita pafupifupi 10 pa sabata, ogawidwa kawiri kapena katatu. Ndiye kuti bedi la mbande 12 likufuna makeni 12 a malita 10 sabata iliyonse, ndipo pa dothi la mchenga kapena mu Ogasiti muwonjezere. Werengani zimenezi musanabzale zambiri, makamaka ngati madzi mumatunga kutali. Thirirani patsinde, masamba asanyowe. Phimbirani bedi lonse ndi udzu kapena mapesi kuti chinyezi chisathawe ndiponso dothi likhale lozizira.

Pakatha milungu itatu chiwokerereni, thirani CAN chitsekerero chimodzi pa chomera chilichonse, motalikira tsinde masentimita 10, ndipo bwerezani pakathanso milungu itatu. Amene alibe feteleza angathe kuviika manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'thumba m'madzi kwa milungu iwiri, n'kusungunula madziwo mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka asanathirire. Tikabichi tikangoyamba kuoneka m'khwapa mwa masamba, lekani feteleza wobereketsa. Nayitrojeni wambiri pa nthawi imeneyi amakulitsa masamba ndi kufewetsa timitu, ndiponso amaitana nsabwe.

Palirani mosazamitsa khasu chifukwa mizu yambiri ili pamwamba. Chomera chikafika m'mawondo, bandirani dothi patsinde n'kupondapo. Pamalo a mphepo, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti, zikani kamtengo kapena nsungwi n'kumangirira thunthu ndi luzi. Masamba a pansi akayamba chikasu, athyoleni n'kuwachotsa m'dimba kuti mpweya uziyenda. Obiriwira asiyeni, ndiwo akudyetsa tikabichi.

Tizilombo ndi matenda

Nsabwe zotuwa, zooneka ngati zawazidwa ufa, ndizo mdani wamkulu. Zimayamba pansi pa masamba ndi kunsonga, ndipo zikalowa m'kati mwa tikabichi palibe mankhwala kapena madzi amene angazitulutse. Zimachuluka kukayamba kufunda ndi kuuma, cha mu Ogasiti. Yenderani dimba kawiri pa sabata, tembenuzani masamba, ndipo gulu loyamba lifinyeni ndi zala kapena thyolani tsambalo. Madzi a sopo wochapira wosanunkhiritsa, wosungunula pang'ono, opopera madzulo pansi pa masamba, amathandiza zikadali zochepa. Madzi a masamba kapena njere za nimu zosinja ndi zoviika usiku wonse amathandizanso. Tizilombo tofiira ta madontho akuda timene mumationa pakati pa nsabwe musatiphe, timadya nsabwezo.

Pali mbozi zazing'ono zobiriwira zimene alimi a kabichi amazidziwa bwino. Zimadya tsamba chapansi n'kusiya kakhungu koonekera, ndipo mukazikhudza zimaphiriphitha n'kudzigwetsa pa kaulusi. Mbozi zimenezi zimazolowera mankhwala msanga, moti kupopera mankhwala amodzimodzi mobwerezabwereza kumangotha ndalama. Pa mbande khumi ndi ziwiri, kutola ndi manja ndi kuphimba ndi neti kumakwanira. Mankhwala a Bt amapha mbozi zokha osavulaza njuchi. Ngati mwaganiza zogwiritsa ntchito mankhwala ena a m'sitolo, funsani alangizi, tsatirani mlingo wolembedwa pa botolo, ndipo sungani masiku amene alembedwa kuti adutse musanathyole. Chonde musapopere ndiwo mankhwala a thonje kapena a fodya. Tikabichi timasunga mankhwala m'mapindi ake, ndipo odya ndi ana anu.

Matenda awiri ndi oyenera kuwadziwa. Oyamba amayamba ndi chikasu m'mphepete mwa tsamba chimene chimalowa m'kati mosongoka monga chilembo cha V, mitsempha n'kuda. Amafala ndi mbewu yodwala komanso madontho a mvula, choncho amavuta kwambiri mu Malichi ndi Epulo. Thyolani masamba odwala, zulani chomera chimene chagwidwa kwambiri, ndipo musagwire ntchito m'dimba masamba ali onyowa. Achiwiri amatupitsa mizu. Chomera chimafota masana ngakhale dothi lili lonyowa, ndipo mukazula mupeza mizu ili zibuluma. Tizilombo take timakhala m'dothi mpaka zaka 20 ndipo timakonda dothi lowawasa, lodikha madzi. Zomera zotere ziwotcheni, musaziike pa kompositi, ndipo tsukani khasu musanapite nalo pa bedi lina. Ichi n'chifukwa chinanso chofesera mbande zanu m'malo mogula za pamsika zimene simukudziwa kumene zachokera.

Nkhuku ndi mbuzi nazo zimawakonda masamba amenewa. Mpanda ukhale wolimba musanawokere.

Kuthyola

Tikabichi timakhwima kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Kamene kafika masentimita 2.5 mpaka 4, kolimba mukakafinya, kobiriwira ndi kotsekeka, n'koyenera kuthyola. Yambani mwathyola tsamba la pansi pake, kenaka kankhirani kamutuko pansi ndi chala chachikulu, kamathyoka kokha. Tengani tochepa pa chomera chilichonse sabata iliyonse, ndipo mudzadya kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Toyadzamuka ndi tachikasu tichotseninso, tisasunge nsabwe.

Kwathu kuno kutentha kumabwera mofulumira, choncho pali njira imodzi yothandiza kwambiri. Tikabichi ta pansi tikafika kukula kwa sentimita imodzi kapena iwiri, kapena mukaona kuti Ogasiti wayamba, dulani nsonga ya chomera. Chikasiya kutalika, mphamvu yonse imapita ku timitu, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi tambiri timakhwimira limodzi. Nsonga mwadulayo musataye, ndi ndiwo yofewa yokoma kuposa repu. Kwa okhala ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kudula nsonga n'kofunika ndithu.

Pamalo ozizira m'nyumba tikabichi timakhala masiku atatu kapena anayi, ndipo mufiriji sabata imodzi kapena ziwiri ngati simunatitsuke. Mukamaliza kukolola, zulani thunthu ndi mizu yomwe, ndipo pamalopo padzabwere nyemba, anyezi kapena karoti.

Kuphika

Dulani katsinde, chotsani timasamba takunja, ndipo dulani pakati kuti muone ngati muli nsabwe. Viikani m'madzi a mchere kwa mphindi khumi, kenaka tsukani. Kazingani anyezi, ikani tikabichi mbali yodula ili pansi mpaka ifiire pang'ono, onjezani tomato ndi madzi pang'ono, vundikirani. Mphindi 6 mpaka 8 n'zokwanira. Tikapsa mopitirira timatuwa, timanunkha ndipo timawawa, ndipo ambiri amene amati sakonda ndiwo imeneyi anadya yophikidwa chotero. Musathire soda kapena chidulo chifukwa zimawononga vitamini C, amene ndiwo imeneyi ili naye wambiri pamodzi ndi vitamini K ndi folate wofunika kwa amayi oyembekezera. Masamba anthete ndi nsonga muziphika monga repu, ndipo zimakoma zotendera nsinjiro. Amene amamwa mankhwala a warfarin auze adokotala awo asanayambe kudya ndiwo imeneyi pafupipafupi, chifukwa vitamini K amasintha kagwiridwe ntchito ka mankhwalawo.

Za malonda tisakunamizeni. Pamsika wa kumudzi anthu sanaizolowere. Ogula ake ndi mahotela, malo odyera ndi masitolo akuluakulu a m'mizinda, ndipo amafuna tikabichi tolimba, tofanana kukula, topanda nsabwe. Chaka choyamba limani za pakhomo, mbande khumi ndi ziwiri zokha, ndipo lembani m'kope tsiku lofesa, tsiku lowokera, tsiku limene munathyola koyamba ndi sabata imene kutentha kunayamba kwanuko. Chaka chamawa, musanawonjezere mabedi, tengani tikabichi tanu tabwino mukaonetse wogula, mugwirizane kaye.